Tsiku limene ndinakumbira galimoto manda

Kwathu kuno, kuseri kwa Kamwendo, ndimadziwika ndi zinthu ziwiri: ndine mkamwini wofatsa, ndiponso ndimasintha ndekha oilo wa njinga yanga yamoto. Chachiwirichi ndimachilengeza kawirikawiri kuposa choyamba. Ntchito yake ndi ya mphindi khumi: kumasula bawuti imodzi, kudikira kuti zakudazo zithe kudontha, kuthira lita imodzi ya 20W-50, basi. Koma mutandimva ndikufotokoza pa bawo, mungaganize kuti ndinakaphunzira ku Japan.

Ndiye mwezi wa Ogasiti kunafika alamu anga ochokera ku Joni. Awatu si alamu wamba. Ndi achimwene awo a mayi akunyumba, amalume a ana anga, eni mbumba. Munda umene ndimalima mtedza ndi wawo. Malo amene ndinamangapo nyumba ndi awo. Tikatsata bwinobwino mwambo wathu wa Achewa, ngakhale ana amene ndimawalipirira fizi ndi awonso. Changa chenicheni pamudzi pano ndi njinga ija ndi chipewa.

Anabwera pa galimoto yofiira psu, ya zitseko ziwiri, yotchedwa Toyota 86. Ndi yaifupi ngati ikufuna kununkhiza pansi. Mpata wa pakati pa mimba yake ndi nthaka ndi masentimita 13 okha, woti nkhuku imalowa chowerama. Imatha kuthamanga makilomita oposa 200 pa ola, koma hampu ya pa msewu wa M12 imaiwoloka chammbali ngati nkhanu. Kuchoka pa tala kufika pakhomo panga, mtunda woti ngolo imayenda mphindi makumi awiri, inatenga ola lathunthu, ana ali patsogolo kuichotsera miyala.

Alamu anali ndi maulendo awiri. Woyamba wa kumudzi kwina mkati mwa Mkanda kukakonza za chiliza, ndipo umenewu anakwera kabaza, poti galimoto yawo yothamangayo kumeneko ikanafika itanyamulidwa pamutu. Wachiwiri wa ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi.

"Alamu," anatero akumanga chisoti, "galimotoyi yayenda kuchokera ku Joni, kudzera ku Beitbridge ndi Tete mpaka Dedza. Oilo wake watopa. Ndikabwerako ndiipititsa ku Lilongwe tisanapite ku Kulamba."

Munthu wanzeru akanangoti, "Muyende bwino, alamu." Ine ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula pokha: "Ku Lilongwe kukataya ndalama? Oilo ndi oilo, alamu. Siyani kiyi ndi ya oiloyo."

Mayi akunyumba anatsokomola kukhitchini. Chifuwa chimenechi chimawagwira pokhapokha ine ndikamalonjeza zinthu.

Vuto loyamba linali oilo yemweyo. M'buku la galimotoyo munalembedwa kuti 0W-20, malita 5.4. Ndinazungulira pa Kamwendo, mnyamata wina n'kundifunsa ngati imeneyo ndi nambala ya feteleza. Pa boma sindinamupezenso. Ndiye ndinalowera ku Chipata. Kuwoloka pa Mwami masiku ano sikuvuta, chitsegulireni chipata chatsopano chija mu Disembala 2022, choti zonse umathera malo amodzi. Powawa ndi posintha ndalama. Kwacha yathu ndi Kwacha ya ku Zambia dzina ndi limodzi ngati ana a bambo mmodzi, koma zikuoneka kuti winayo ndiye anapita kusukulu. Chiigwetsereni yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, umapita ndi mpukutu wotupitsa thumba la buluku, n'kulandira timapepala tolowa m'thumba la shati popanda kuoneka.

Wogulitsa ku Chipata ndiye anandiphunzitsa, ine ndikugwedeza mutu ngati ndikudziwa kale. Nambala yoyamba, yokhala ndi W ija, imanena mmene oilo amayendera injini ikadali yozizira. Yachiwiri imanena kulimba kwake injini ikatentha. Wanga wa 20W-50 ali ngati phala la mgaiwa, pamene uyu wa 0W-20 ali ngati tiyi wa pamaliro. Injini zamakono zili ndi timipata ting'onoting'ono, ndipo zimafuna oilo wopyapyala woti afike paliponse msanga ukangoliza. Ndinagula chigubu cha malita asanu, kabotolo ka lita imodzi ndi fyuluta yatsopano, n'kubwerera ngati dokotala.

Vuto lachiwiri linali mimba. Ya galimoto ili masentimita 13 kuchokera pansi, yanga sindinena. Jeke yokha sindinaikhulupirire, ndipo pokhapa ndiye ndinachita mwanzeru, chifukwa munthu sagona pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Ndinakumbukira kuti kugalaja amakhala ndi dzenje loimamo makaniko. Ndinatenga khasu ndi fosholo m'mamawa, n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba: mulitali mamita awiri, mulifupi mosakwana mita, kuya kolekeza m'chifuwa.

Muyeso umenewu sindinauganizire bwino. Dzuwa lisanafike pamutu, amayi awiri anafika atafunda zitenje, akuyenda pang'onopang'ono. Kenako anatulukira amfumu, chipewa chili m'manja.

"Akamwini," anatero ndi mawu otsika, "zoterezi timayamba tauza mfumu. Ndipo manda sitikumba pakhomo, komanso sakumba ndi mwini nyumba. Adzukulu alipo. Watisiya ndani?"

Nditafotokoza, anakhala chete kanthawi, n'kupempha mpando. Anati aonerera mpaka pamapeto. Amayi aja sanabwererenso, ndipo anaitana anzawo. Motero ntchito imene pa njinga ndimaigwira ndili ndi galu wanga yekha, tsopano inali ndi khamu loposa la msonkhano wa makuponi.

Anyamata anakankha galimoto mpaka inatangadza dzenjelo, ine n'kutsikiramo ndi sipanala, beseni la mayi akunyumba ndi tochi ya pafoni. Nditayang'ana kumwamba sindinaone injini. Ndinaona malata ndi zivundikiro, zomangidwa ndi timabawuti ndi timapulasitiki tosawerengeka. Ndinamasula zonse, poganiza kuti makaniko weniweni amaonekera pa kuchuluka kwa zimene wamasula. Timapulasitiki tina tinathyoka, ndipo ndinatikwirira ndi phazi pomwepo.

Fyuluta ndinaifunafuna pansipo ola lathunthu. Kenako mwana wanga wa Sitandade 6, amene ankasuzumira mu boneti, anati, "Adadi, chimene chili m'katonichi chikufanana ndi ichi chili pamwambachi." Zoonadi, fyuluta ya galimoto imeneyi ili pamwamba penipeni, poti ngakhale wovala suti atha kuimasula. Injini yakenso ndi yachilendo. Inapangidwa ndi a Subaru, ndipo mapisitoni ake anayi saimirira ngati a galimoto zina, amagona chammbali, awiri uku awiri uku, n'kumaponya zibakera ngati anyamata a nkhonya. Ndinauza mwanayo kuti ndimamuyesa dala.

Nditabwerera m'dzenje ndinaona bawuti yonenepa bwino, cha pakati pa galimoto. Mtima unandiuza kuti ndi imeneyi. Ndinaimasula, oilo n'kuyamba kutsika, khamu n'kuwomba m'manja.

Aneba anga anali atafika kale ndi chigubu, poti oilo wakutha amapaka pa mitengo ya khola kuti chiswe chisadye. Atasuzumira m'beseni anati, "Achimwene, oiloyu bwanji sali wakuda? Ndiponso akununkha ngati dzira lowola."

"Ndi wa ku Joni ameneyo," ndinayankha. "Kumeneko ndi mmene amanunkhira."

"Nanga bwanji wangotuluka malita awiri okha?"

Apa ndiye ndinakweza mawu kuti amfumu amve. Ndinati taonani, alamu ayenda mayiko anayi ndi malita awiri okha, ndipo pakanapanda ine galimotoyi ikanafera panjira ya ku Katete. Amfumu anagwedeza mutu. Amayi ena anati mudzi uno uli ndi mwayi.

Ndinamanga bawuti, ndinaika fyuluta yatsopano, ndinathira malita 5.4 monga buku linanenera. Kawaya koyezera oilo sindinakakhudze. Munthu amene wathira yekha ayezerenji? Ndinalowa m'galimoto, mawondo ali m'makutu, n'kudina batani loliza. Zii. Ndinadinanso. Zii. Mwana uja anawerenga zimene zinalembedwa kutsogolo kwa chiwongolero, n'kundiuza kuti ndiponde kaye kilatchi. Mwana ameneyu ndikumuganizira zomutumiza kusukulu yogonera komweko.

Injini inalira, kenako inatsokomola, kenako kumbuyo kunatuluka utsi woti wina wa kutsidya kwa dambo anatumiza mwana kudzafunsa ngati ndikugulitsa njerwa za uvuni umenewo. Nkhuku zinathawira kwa aneba. Amfumu anaimirira n'kuvulanso chipewa, ndipo ulendo uno ndinaona kuti akulondola. Ndinazimitsa.

Mayi akunyumba sanakalipe. Anangotuma mwana kukaitana kamnyamata kena kamakaniko ka pa Kamwendo, komwe ndakhala ndikukanena pa bawo kuti kamadya ndalama za anthu aulesi. Kanafika, n'kusolola kawaya koyezera kaja. Oilo anali atadutsa kutalitali chizindikiro cha pamwamba. Kanatsikira m'dzenje, n'kununkhiza beseni, ndipo kanaseka mpaka kukhala pansi.

"Madala, mwakama ng'ombe ina, n'kumwetsa ina. Bawuti mwamasulayi ndi ya giyabokosi. Fungo ili ndi la oilo wa magiya. Ya injini ndi iyi ili kutsogoloyi, ndipo anakusiyirani kale kabowo koti muifikire osamasula malata onsewa."

Kanafotokoza pamaso pa mudzi wonse kuti mu injini munali malita pafupifupi 11, wakale ndi watsopano pamodzi. Oilo akachuluka chonchi, zitsulo zozungulira zimamupukusa mpaka achite thovu ngati sopo m'beseni, thovulo silitetezanso kanthu, ndipo wina amakalowa koyakira mafuta n'kutuluka ngati utsi. Giyabokosi nayo inali youma gwa. "Mukanangoyenda nayo mpaka pa boma, magiya akanadyana okhaokha. Mukanagulitsa njinga, chipewa ndi inu nomwe, osakwanabe."

Kenako kanandiwerengera malamulo ngati mwana wa katekisimu. Liza injini pang'ono kuti oilo afunde asanakhetsedwe. Ona mtundu ndi kuchuluka kwa zimene zikutuluka. Sintha kawasha ka pa bawuti. Paka kaoilo pa labala ya fyuluta, ndipo uimange ndi dzanja, osati ndi mphamvu zothyolera chimanga. Ukathira, yeza. Ukaliza, dikira pang'ono, yezanso. Amfumu anawonjezera lawo lakale lija, lakuti safunsa anadya phula. Ine phula sindinadye, ndinasamba.

Mawa lake ndinaonekeranso pa Mwami. Ulendo uno ndalama sizinali za alamu. Zinali za matumba atatu a mtedza wa CG7 amene tinasungira fizi. Ndinagulanso malita asanu ndi limodzi a tiyi wa pamaliro uja, kuwonjezapo oilo wa magiya wa 75W-90, amene giyabokosi imamwa malita awiri ndi kapang'ono. Kamakaniko kaja kanathira ndi kapaipi kudzera pa bowo la m'mbali, kanabwezera malata onse, ndipo kanalandira malipiro ake pamodzi ndi nkhuku yotsekera pakamwa.

Alamu anabwera, anapita ku Kulamba, anabwerako. Madzulo ake anandiitana pambali, ine miyendo ikugundana.

"Alamu, galimotoyi mwaichita chiyani?"

Ndinayang'ana kumene kunali njinga yanga, n'kuyerekeza mtunda wokafika kwa amayi anga.

"Magiya akulowa ngati batala! Ku Joni ndimalipira ndalama zambiri koma sanaigwirepo chonchi. Kuyambira lero, chaka chilichonse muzisintha ndinu. Ndauzanso anzanga awiri, abwera ndi zawo pa Khirisimasi."

Mudzi wonse unasunga chinsinsi, koma si ulele. Amfumu tsopano amakwera njinga yanga osalipira. Aneba anabwereka khasu langa ndipo sindingathe kuliitanitsa. Mayi akunyumba akangotsokomola, ndimapezeka ndanyamula kale ndowa.

Dzulo ndinatenga fosholo kuti ndikwirire dzenje lija. Mayi akunyumba anandigwira mkono.

"Lisiyeni, bambo. Tidzalifuna tsiku limene achimwene adzamve zoona."

Ndiye inu amene mwawerenga nkhaniyi, ngati muli ndi m'bale ku Joni, chonde musaijambule n'kutumiza pa WhatsApp. Dzenjelo ndinaliyeza ndekha, ndipo likundikwana ndendende.