Ife a Kwa Zingalume Ndife Akatswiri a Njinga, Koma Palibe Anatiuza

Kunja kuno kuli anthu amene amalipira ndalama kuti avutike. Ku Ulaya ndi ku America, munthu amagwira ntchito chaka chonse, nasunga ndalama, kenaka pa tchuthi nkukwera ndege kukafuna msewu wopanda magalimoto kuti akapalasepo njinga. Amafuna msewu wafumbi, wa zitunda, wodutsa m'minda, kumene kulira hutala sikumveka. Akaupeza amajambula zithunzi, thukuta lili kamukamu, nkumauza anzawo kuti apuma bwino. Ine, munthu wamba wa kwa Zingalume m'boma la Chadiza, amene chuma changa chonse chimaima pa matayala awiri, ndikuti nkhani imeneyi tiione bwino. Ngati kupalasa njinga m'msewu wa zii ndi masewera a anthu olemera, ndiye kuti ife kuno takhala tikuchita masewerawo kuyambira nthawi ya makolo, ndipo dziko lili nafe ngongole ya mamendulo.

Tiyambe ndi umboni wa kulemera kwa katundu. Mpikisano wotchuka wa Tour de France unayamba mu 1903, ndipo masiku ano amaupalasa kwa masabata atatu. Malamulo a mipikisano yotere amati njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, chifukwa akanawasiya anthuwo akanamapalasa nthenga. Kumbuyo kwa katswiri kumatsatira galimoto yonyamula njinga zina, madzi, chakudya ndi makaniko. Ife kuno tinakulira pa Eagle, njinga imene inkapangidwa ku fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata m'masiku a Kaunda, chitsulo choti ukachigwetsera pa phazi umayamba wapepesa phazilo. Kenaka kunabwera Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene kaliya wake anapangidwa kuti azinyamula makilogalamu 100. Amenewo ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, omwe aja timapita nawo kukagulitsa ku depoti ya FRA. Koma ife malangizo timawamva ngati poyambira chabe, choncho pamwamba pa matumbawo timawonjezera nkhuku, chigubu cha mafuta ndi mwana wa achemwali. Tsono katswiri ndani pamenepa, wopalasa nthenga kapena wopalasa nkhokwe?

Wina anena kuti misewu yathu si ya zii monga ndikunenera, ndipo pamenepa ndimuvomera pang'ono. Magalimoto ndi osowadi, moti ina ikadutsa ana amaikamba mpaka madzulo, koma msewu suli wopanda eni ake. Pali mbuzi, imene imadikira mpaka ufike pafupi kuti iganize zowoloka. Pali ngolo, imene ng'ombe zake sizinaphunzirepo kuti m'Zambia timayenda kumanzere. Pali masamba oikidwa pamsewu posonyeza maliro, pamene munthu woleredwa bwino amatsika nkuyamba kukankha njinga. Pali apongozi, amene sungawapatse moni uli pa chishalo. Ndipo nthawi yachilimwe pali gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, koma ife tinayamba kale kumulemekeza popatukira kutchire liwiro lake losafuna mabuleki. Zonsezi sizikugwetsa mfundo yanga, zikuilimbitsa. Katswiri wa ku France amamutsekera msewu apolisi. Ife timapalasa tikuwerenga maganizo a mbuzi, ndipo limenelo ndi luso limene palibe sukulu imaphunzitsa.

Wina anenanso kuti njinga zathu sizingalowe mumpikisano chifukwa n'zosakwanira. Akunena za mabuleki, amene ambiri a ife tinasiyana nawo mwamtendere, ntchito yake inatengedwa ndi chidendene. Akunena za belu, limene tinalowetsa m'malo ndi pakamwa, kukuwa kuti "Odi! Odi kutsogoloko!" Akunena za chubu chomatidwa kambirimbiri mpaka zigamba zachuluka kuposa chubucho, ndi tayala lomangidwa ndi malegeni pamene lang'ambika. Ine ndikuti munthu wotere sakudziwa kuyeza luso. Kupalasa njinga yathunthu angathe aliyense, ngakhale mwana wa giredi 3. Koma kutsika mtsetse wopita kudambo, tcheni chikugwa, pedulo imodzi itatsala chitsulo chokha, kumbuyo kuli mayi atakhala cham'mbali ndi mwana kumsana, nkukafika kutsidya onse amoyo ndipo ukwati ukadalipo, imeneyo ndiyo ntchito yofunika chikho. Mpope ngakhale uli umodzi m'mudzi wonse, timaudziwa kumene wagona usiku uliwonse, zimene zikusonyeza kuti gulu lathu n'logwirizana kuposa matimu a kunja.

Chotsutsa chachitatu ndicho chili ndi mano, ndipo sindichithawa. Akuti azungu aja amapalasa chifukwa akufuna, ife timapalasa chifukwa palibe china chokwera. Iwo akatopa amaimbira foni galimoto. Ife tikatopa timakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka kutopako kutope. Msewu wa zii umene iwo amausirira ndi womwewo umene umachititsa kuti mayi wodwala anyamulidwe pa kaliya kupita kuchipatala, kuti mphunzitsi apalase mpaka ku boma kukangoona ngati malipiro alowa, ndiponso kuti wogula soya ndi nsawawa abwere ndi sikelo yake nkutchula mtengo umene akufuna, podziwa kuti sitingakankhe matumba mpaka ku Chipata. Dzinja likafika, mitsinje ikadzaza, njinga imene timati imatinyamula ndiyo timainyamula paphewa. Zonsezi n'zoona. Komabe taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ngati ntchito yake ndi yomweyo, thukuta n'lomwelo, zitunda n'zomwezo, ndipo kusiyana kuli poti wina anasankha ndipo wina sanasankhe, ndiye kuti chimene chikutisowa ife si luso kapena msewu wokongola. Chikutisowa ndi basi yoti tiikane. Tsiku limene munthu wa kwa Zingalume adzaime pamsewu, minibasi nkuima, iye nkunena kuti "Pitani, lero ndikufuna kulimbitsa thupi," tsiku limenelo tidzakhala tafika pa chitukuko.

Ndikudziwa kuti alipo amene akuseka kale, akuti inu mukungotamanda njinga chifukwa ndalama ya njinga yamoto mulibe. Amenewa amandidziwa bwino, koma asaganize kuti apambana. N'zoona kuti njinga zamoto zadzaza m'chigawo cha kum'mawa, ndipo mnyamata aliyense akagulitsa fodya kapena thonje maso ake amakhala pamenepo. N'zoonanso kuti wina atandipatsa imodzi lero, mawu onse amene ndalemba pamwambapa ndingawaiwale ndisanafike pa mphambano. Koma izi zikungosonyeza kuti anthu tonse ndife amodzi. Wa ku Netherlands, dziko limene njinga n'zochuluka kuposa anthu, ali ndi galimoto koma akulakalaka kupalasa. Ine ndili ndi chopalasa koma ndikulakalaka injini. Tonse tikuthamangira kumene mnzathu akuchokera, ndipo tikadzakumana pakati tidzafunsana njira. Nzeru ndi yoti ife amene tikadali kumbuyo tiphunzirepo kanthu: iwo anadzaza misewu yawo ndi magalimoto, kenaka nkuwononga ndalama zambiri kumanganso tinjira ta njinga. Ife tikamapempha tala, tipemphe ndi kampata ka m'mbali, kuti malole opita ku malire a Chanida asamatithamangitsire m'ngalande ngati nkhuku.

Choncho pempho langa kwa akuluakulu ndi lapafupi. Bungwe la United Nations linakhazikitsa 3 June kukhala tsiku la njinga padziko lonse kuyambira mu 2018, ndipo mwezi umenewo kuno timakhala tikututa, kutanthauza kuti timalikondwerera tsikulo ndi matumba kumbuyo popanda wotiuza. Alendo okonda misewu ya zii aitanidwe adzapalase kuno. Tidzawalandira bwino, tidzawaonetsa njira zodutsa m'minda ndi m'madambo, ndipo kumapeto kwa Ogasiti tidzapita nawo ku Mkaika ku Katete kukaona Kulamba, kumene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Malamulo a mpikisano adzakhala athu: aliyense thumba limodzi la chimanga pa kaliya, kutsika pa maliro, ndi moni kwa aliyense wokumana naye, kufunsa ndi za kunyumba komwe. Wopambana adzalandira mbuzi, ndipo adzapita nayo kwawo pa njinga yomweyo. Ine sindidzapikisana nawo, chifukwa bondo langa lamanzere limadana ndi zitunda. Ndidzakhala woweruza, ndipo monga mwa malamulo a mipikisano ya kunja, woweruza amayenda pa galimoto.