Njanji nayo inasamba

Mkulu wina wa ku Masambanjati, amene anathyola tiyi mpaka msana kupindika, anandiuza kuti dzina la kwawoko likufunika kukonzedwa. Njati zosamba sanazionepo. Imene akuidziwa kuti inasamba ndi njanji.

Sanali kunama. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, itakwera zitunda kudzera ku Thekerani ndi Luchenza. Mlatho wa Dona Ana utatha pa Zambezi mu 1935, tiyi wa ku Thyolo ankatsetsereka mpaka ku Beira osanyowa, n'kukamwedwa ku London, mzinda umene womuthyolayo ankangoumva m'kamwa mwa bwana.

Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo. Inalowa m'madzi ngati ikukatsuka mapazi okha, koma kubafako yachedwako kuposa mkwatibwi.

"Achimwene," anatero mkuluyo, "kale nthochi zathu zinkakwera sitima. Lero zimakwera kabaza, mwini wake n'kumatsatira wapansi."

Ndinamufunsa ngati akuisowa sitimayo. Anati akusowa kulira kwake kokha, poti wotchi analibe.