Mkangano wa nyimbo pa Zóbuè

Pa Zóbuè, m'malire a Mozambique ndi Malawi, pomwe machapa (maminibasi) a ku Moatize amadikirira kuti adzaze, pali mnyamata amene amathira nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi. Sipika yake sipuma. Tsiku limenelo inkaimba Grace Chinga, ndipo mayi wina wogulitsa mbatatesi anaima, beseni lili pamutu, mpaka nyimbo inatha.

"Mayi ameneyu anatisiya msanga," anatero. "Titamva pa wailesi mu 2016 muja, tinalira ngati maliro a pamudzi pathu."

Dalaivala wina wachinyamata anapukusa mutu. "Amayi, izitu ndi za Amalawi. Anyamata a ku migodi ya malasha akufuna zotamanda za Chipwitikizi, za ku Brasil."

"Mwanawe, unabadwa liti?" Anali bambo wachikulire amene anakhala pa thumba la chimanga. "Nkhondo itakula ife tinathawira ku Mwanza. Usiku tinkazungulira wailesi imodzi kumvera MBC, ndipo Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka ndi amene ankatitonthoza. Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992 tinabwerera ndi makaseti m'zikwama. Ukati za Amalawi, ife tinavutika nazo limodzi nyimbo zimenezi."

Dalaivalayo anangoti, "Pepani madala," n'kukhala chete. Ine ndinaona kuti bamboyo wanena zoona. Kuno anthu amalira ndi kupemphera m'Chinyanja, ndipo nyimbo ikabwera m'chilankhulo chimenechi safunsa kuti yajambulidwa mbali iti ya malire.

Kenako telala wa pakhonde, Msabata, analowerera. Iye akuti zonsezi ndi phokoso la makiyibodi, nyimbo zenizeni ndi za amuna anayi opanda zing'wenyeng'wenye, besi ikugunda pansipansi, monga a King's Heralds. Anayamba kung'ung'udza, singano ili m'manja.

Kaimbidwe kotere kanakula kwambiri kumwera kwa dziko la America. Mu 1910 James D. Vaughan wa ku Tennessee anatumiza amuna anayi kuti aziyenda m'matchalitchi akuimba n'kumagulitsa mabuku ake a nyimbo, ndipo mu 1922 anatsegula wailesi yake, WOAN. Choncho nyimbo za Mulungu, malonda ndi wailesi zinayamba kalekale kuyendera limodzi. N'chifukwa chake sindimunyoza wa mafulashiyu. Chimandiwawa n'chakuti woimba mwiniwake sapezapo ngakhale metical imodzi, chikhalirecho anagulitsa mwina mbuzi kuti alipire situdiyo.

Mayi wa mbatatesi anali ndi nkhawa ina. "Nanga makwaya athu a konkuno? Lamlungu amaimba mpaka thupi kuchita tsembwe. Mu fulashi yakoyo alimo?"

"Abweretse zojambula, mayi, ndithiramo," anayankha mnyamata wa mafulashi uja. "Panopa amene akufunidwa kwambiri ndi Ethel Kamwendo Banda."

"Ndikawauza amayi a Chigwirizano Lachinayi," anatero mayiyo, akuwoloka msewu kulondola lole imene inali itangoima.