Za Munthu Wolowa Pakhomo pa Eni Ake Mosadziwa

Mwa masautso onse amene mwana wa munthu angakomane nawo m'mizinda ya migodi, kuyambira ku Ndola kufikira ku Kitwe, palibe lochititsa manyazi ngati ili, lakuti bambo waulemu wake, wa tayi pakhosi ndi buku la nyimbo m'khwapa, apezeke ali chilili pabwalo la eni ake, osadziwa kuti wasokera, kufikira galu atamuuza.

Kale kusokera kotere sikunali mlandu. Pamene kampani ya Rhokana inamangira antchito a mgodi wa Nkana nyumba ku Wusakile ndi ku Mindolo, inazimanga m'mizere, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, zosiyana nambala yokha. Ndipo makolo athu ochokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, pobwerera kumowa tsiku la malipiro, anali kulowa m'nyumba ya mnansi, nakhala pampando, nafunsa mwaukali chimene chachedwetsa nsima. Mayi wa m'nyumbamo anali kungotuma mwana kuti awaperekeze agogo kwawo, ndipo nkhani inali kuthera pampope m'mawa, amayi ali chikhakhali. Kuletsa kunali kumayadi a Azungu kokha, kumene chikwangwani cha galu chinali kulemekezedwa koposa bwanamkubwa.

Tsono m'zaka za ulamuliro wa Frederick Chiluba nyumba za khonsolo ndi za kampani ya migodi ya ZCCM zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo taonani, yense anasanduka mwini malo. Asanakonze denga lodontha, asanazike paipi yophulika, anayamba ndi linga: lalitali kuposa la Yeriko, la mabotolo osweka pamwamba, ndi geti lakuda. Ndikuti lakuda, pakuti kuchokera ku Parklands ndi Riverside mpaka ku Kansenshi ndi Itawa, zikuoneka ngati penti ya mtundu wina sinafikeko. Motero kufanana kuja kumene kampani inatisiyira ife takubweza ndi ndalama zathu. Wolondolera njira amati, "Mukapitirira mtengo wa mango mukhote, geti lakuda ndi pomwepo," nakhala ngati wathandiza.

Lamulo la dziko, tiyenera kuvomereza, ndi lachifundo. Penal Code ya Zambia imalanga munthu wolowa pamalo a mnzake ndi cholinga chakuchimwa, kuopseza, kunyoza kapena kusautsa mwini wake; ndiko kunena kuti imayang'ana mumtima, ndipo wosokera chabe alibe chomuyankhitsa. Koma woweruza amakhala m'tauni, amayamba ntchito dzuwa litakwera, napuma Loweruka ndi Lamlungu, pamene galu ali pantchito usana ndi usiku, ndipo sanawerengepo ndime ndi imodzi yomwe.

Onani tsono mmene zimachitikira. Mlendo aima kunja nati "Odi!" katatu monga anamlera amake, koma odi sakwera linga. Akankha kageti kakang'ono, katseguka, nayamika Mulungu. Asanayende mapazi khumi amva galu akuuwa kumbuyo kwa nyumba, ndipo munthu amene dokotala anamletsa kuthamanga apezeka pansonga ya mtengo wa gwafa, buluku atasiyako chigamba. Wantchito akuwa "Kabolala!", ndipo anansi, amene sapezeka konse tsiku lokumba ngalande, atuluka onse nthawi imodzi, wina ndi mpini, wina ndi foni yojambulira.

Pomaliza atulukira mwini nyumba, mimba patsogolo, nafunsa mwachifatse, "Bambo, kodi chikwangwani simunachione?" Chikwangwanicho chilipodi, koma chinamera maluwa zaka zapitazo. Mlendo, ali m'mwamba momwemo, afotokoza kuti amafuna nyumba ya mkulu wa mpingo, natchula mfunda wake ndi mudzi wake. Apa ndi pamene chipulumutso chimadzera kosayembekezeka. Pakuti mwini nyumba akakhala Mbemba, namva kuti wogwidwayo ndi Mngoni wa ku Chipata, nkhope imamasuka, nalengeza kwa khamu lonse kuti uyu si mbala ayi, koma mbuya wake amene wadzakumba mbewa m'kapinga. Winayo ayankha kuti anakwera mumtengo kudzaona ngati anyani onse anadyedwa kale pakhomo pano. Chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwalachi, chimatha m'mphindi ziwiri mlandu umene kukhoti ukadaimitsidwa kasanu. Galu amangidwa, mpando utuluka, ndipo khamu libalalika lili lokhumudwa ndithu.

Watsala mlandu umodzi wokha, umene chimbuya sichifikako. Madzulo bambo uja alowa pageti lake lenileni, atayamba waliyang'anitsitsa kawiri, napeza mayi akunyumba akudikira. Ndipo iwo, ataona buluku, afuna kumva bwinobwino chimene mwamuna wopita kumapemphero ku Chifubu amakafuna m'mtengo wa gwafa ku Kansenshi.