Pageti Tonse Ndife Abale a Woimba

Oimba otchuka a m'Malawi muno pafupifupi onse anafikapo pa Manjawira, ndipo wotsutsa akaone mapu. Gulu likamachoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera msewu wa Zalewa lilibe kozembera, liyenera kudutsa pano lisanakalipire pa zipata za Chingeni. Choncho timawaona ndithu, masipika ali palole, oimba ali mtulo m'minibasi. Chovuta n'chakuti amatifikira pa liwiro la galimoto. Akaima, ndiye kuti wina wafuna chimanga chootcha kapena akufunsa kuseri. Pa kanthawi kameneko mnyamata wa kabaza amajambulitsa nawo, ndipo mwezi wonse amakhala akuuza okwera njinga yake kuti iye ndi oimbawo amadziwana kuyambira kale.

Chotitsalira ndi mapepala. Pakhoma la chigayo ndi pachitseko cha ometa pamamatidwa zoitanira anthu ku maphwando a kutali: ku Robin's Park, ku BICC, kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi. Palibe wa pano amene akupitako, koma mtengo wake timaukangana mpaka thukuta. "VIP imeneyi ndiye kuti akupatsanso mpunga ndi nkhuku?" Zopindula kwenikweni ndi mbuzi, zomwe zimakonda phala lomatira lija. Pofika Lachitatu woimba amakhala atatsala mutu wokha, tsiku la phwando lili m'mimba mwa tonde.

Musatiyese osadziwa luso. Balaka ili pakhomo pompa, kwawo kwa Alleluya Band ya Paul Banda yomwe inayamba mu 1978, kwawonso kwa Soja Lucius Banda amene tinamulira mu 2024. Tinakula ndi Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi ya MBC. John Nyanga, Izeki wa m'zisudzo uja, anatisiya mu 2016, Eric Mabedi, Jakobo uja, mu 2021, koma mpaka lero anthu awiri akamakangana zopanda mutu pamsika timati Izeki ndi Jakobo afika. Tilinso ndi madala ena amene anagwirapo ntchito ku Blantyre, omwe satopa kutikumbutsa kuti iwo anaonera Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata ku French Cultural Centre atavala jekete. Mukawafunsa kuti seweroli linkati chiyani, amati Chingerezi chake chinali chakuya kwambiri. Luso timalidziwa. Chimene tinakana kuphunzira ndi kulipira pakhomo.

Achinyamata a pano akakonza zisudzo, kapena kabandi kakabwera kudzayesa mwayi, malo ake amakhala bwalo lotchingidwa ndi masaka ndi mapulasitiki akuda. Pachikalata pamalembedwa kuti zonse ziyamba 1 koloko masana. Nthawi imeneyo okonza amakhala ali pamsewu ndi chigubu kusaka mafuta a jenereta. Cha m'ma 3 koloko mumamva munthu akuyesa maiki, "wani-thuu, wani-thuu", ndipo safika pa firii. Osunga nthawi ndi ana, agalu, ndi mphunzitsi wongobwera kumene amene sanatizolowere.

Sewero lenileni limachitikira pageti, ndipo limakhala laulere. Pamakhala tebulo, beseni la ndalama, chidindo chobwereka, mtsikana wolemba m'kope, ndi mnyamata amene anasankhidwa chifukwa amanyamula matumba a simenti. Woyamba kufika amakhala bambo wa chipewa, manja ali kumbuyo.

"Achimwene, simukundidziwa?"

"Ndikukudziwani, ankolo, koma ndi K2,000."

"Iwe, woimba ng'oma uyo ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinamunyamula ali wakhanda ine. Ndilipire kuti ndione mphwanga?"

"Ndiye bwanji osamuthandiza mphwanuyo, ankolo?"

"Kubwera kwangaku si thandizo?"

Amalowa. Pambuyo pake pamabwera mayi amene akuti angolowa akaitane mwana wawo, atuluka pompano. Mwanayo sapezeka mpaka nyimbo yomaliza. Kenako mnyamata wonyamula kachingwe ka magetsi paphewa, nkhope ili gwaa, akuti ndi wa zipangizo. Kachingwe kameneko kamaponyedwa kunja pamwamba pa mpanda ndipo kamalowetsa a zipangizo ena asanu. A chitetezo cha m'mudzi amabwera kudzaona ngati kuli bata, pamodzi ndi akazi awo, omwenso akufuna kuona bata lomwelo. A mfumu sangalipire, zimenezo n'zachidziwikire. Koma a mfumu sayenda okha. Pali nduna, pali wonyamula mpando, pali wonyamula ndodo, ndiponso mkulu wina amene ntchito yake ndi kuvomera zonse zimene a mfumu anena.

Wolipira mmodzi akapezeka, amadindidwa pamkono. Amangoti wazungulira kamodzi m'kati, n'kutuluka kuti akagule ndudu. Kuseri kwa mpanda amanyambita chidindocho inki isanaume, n'kuchikanikiza pamkono wa mnzake. Chimatuluka chozondoka, koma mnyamata wa simenti uja sanalembedwe ntchito yowerenga. Mnzakeyo amadindanso wina, mpaka chidindo cha wachinayi chimangooneka ngati chipsera cha katemera. Amalowabe.

Amene alibe m'bale, chingwe kapena malovu ali ndi mtengo wa mango womwe uli kunja kwa mpanda. Imeneyo ndiyo VIP ya pa Manjawira: mphepo yabwino, siteji yonse ikuoneka, ndipo nyengo yake ikakwana chakudya chili pamutu pomwepo. Okonza ena anayesapo kukweza masaka kuti atchinge mbali imeneyo. A mumtengo anadandaula kuti kumeneko n'kusalemekeza oonera.

Ndimaona kuti anthu akunja amatiweruza msanga, amati ndi umphawi. Umphawi ulipo, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu mu Novembala 2023, K2,000 munthu amaiganizira kawiri asanaitulutse. Koma nkhani yathu ili ndi mizu ina. Kwa zaka zambiri zisudzo zakhala zikutipeza pamsika zitakwera galimoto ya bungwe, zikutiphunzitsa za kolera, za kulera ndi za kusamba m'manja. Oonera amapatsidwa malaya, ena botolo la zakumwa, a komiti kenakake ka sopo. Nthawi ya kampeni, ngati ija ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, oimba amabwera ndi andale, nsalu zikugawidwa, wina akukulipirira ndi galimoto yomwe. Tinaphunzira bwino lomwe kuti kuonera ndi ntchito, ndipo wogwira ntchito amalandira. Ndiye mwana wa dzulodzuloli aime pakhomo kunena kuti ife ndife tilipire? Mayi wina anafunsapo pageti ndi mtima woona kuti, "Tikaonera, tisainira kuti?"

Ngakhale zikondwerero zimene timazilemekeza sizifuna tikiti. Ku Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo munthu amaona ngoma ikupondedwa pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V osatulutsa kanthu pakhomo. Chikumbutso cha Evison Matafale ku Chileka, amene anamwalira mu Novembala 2001, n'chaulere. Tumaini ku Dzaleka, yomwe inayamba mu 2014, nayonso n'chimodzimodzi. Ankolo a chipewa aja zonsezi amazidziwa pamtima, ngakhale sanapiteko, ndipo amazitchula pageti monga umboni.

M'kati, dzuwa litapendeka, zinthu sizingayambe chifukwa mlendo wolemekezeka sanafike. Nyumba yawo ili kuseri kwa msika, ndipo masipika akuwamva bwinobwino. Koma munthu wamkulu safika anthu asanatope. Akatulukira, onse amaimirira, kumakhala pemphero, kenako woyendetsa mwambo amayamba kulonjera: a mfumu, a khansala, abusa, a shehe, a tcheya a msika, a tcheya a mjigo, achiwiri awo. Akaiwala mmodzi, kapepala kamafika kuchokera kumipando ya kutsogolo, ndipo amayambiranso. Aliyense wopatsidwa maiki amayamba n'kunena kuti sachulutsa gaga m'diwa. Gaga amene amathiridwa pamenepo angakwane nkhumba za mudzi wonse.

Sewero likayamba, oonera a pano sakhala chete ngati a m'tauni amene amadikira kuwomba m'manja kumapeto. Ife timathandiza. Mwamuna wa m'sewero akabisa ndalama m'nsapato, mayi wina amakuwa kuchokera kumbuyo, "Amayi inu, muone m'nsapato!" Wosewerayo amayenera kunamizira kugontha. Akatuluka woledzera akudzandira, bwalo lonse limatembenuka kuyang'ana bambo wina wake amene wakhala pabenchi lachitatu, ndipo iye amadzuka kufunsa kuti analakwira ndani. Mnyamata wosewera ngati apongozi akangolowa, mawu amamveka: "Chitenje changa icho! Ndachifuna kuyambira m'mawa!" Zikafika poti mfumu ya m'sewero yagulitsa munda umodzi kwa anthu awiri, kumakhala chete kwachilendo. Aliyense amayang'ana pansi, kupatula mkulu wovomera uja, amene mwa chizolowezi amati, "Zoonadi."

Apa ndi pamene jenereta imatsokomola kawiri n'kuzima. Mdima uli bii, mafoni amayatsidwa, ndipo mfuu umayamba: "Tibwezereni ndalama zathu!" Mvetserani bwino mawuwo. Wotsogolera ndi ankolo a chipewa, wowathandiza ndi mayi amene akufunabe mwana wawo, ndipo a mumtengo amavomereza mwamphamvu. Mphunzitsi watsopano uja, yekhayo amene analipira ndalama yonse popanda kunenerera, ndi amene amabwereka njinga kukagula lita ina ya mafuta.

Magetsi akabwerera ndipo bandi ikayamba, mumaona chodabwitsa chimene chimandichititsa kukana kuti vuto ndi ndalama. Ankolo aja amaitana mwana n'kumutuma kwa mayi wa mandasi kukasinthitsa K5,000 kuti ikhale ma K50 ndi ma K100. Kenako amadzuka pang'onopang'ono, kukonza chipewa, n'kuyamba kuvina kulunjika kusiteji, akuponya imodziimodzi. Ina amamata pachipumi cha mphwawo wa ng'oma. Woimba amatchula mfunda wawo pa maiki, amayi amaimba nthungululu, ndipo iwo amazungulira kuti ndi a mumtengo omwe aone. Munthu amene anakana K2,000 pakhomo wataya K5,000 pasiteji, ndipo akupita kwawo wokhutira. Ndalama ya pageti imalowa m'beseni mwakachetechete, woiona ndi mtsikana wa kope yekha. Ya pasiteji ili ndi mboni, ili ndi nthungululu, ndipo mawa ikambidwa kuchigayo.

A makwaya anazitulukira kale zimenezi. Pokhazikitsa chimbale savutika kwambiri ndi geti. Amaitana mlendo wolemekezeka kuti agule chimbale choyamba, ndipo iye amalengeza ndalama yoti bwalo lonse limati "aaa!" Wamalonda wopikisana naye amaimirira n'kuonjezera. Mlembi amalemba zonse, manja akunjenjemera ndi chimwemwe. Pambuyo pake zimadziwika kuti zambiri mwa izo ndi malonjezo, ndipo lonjezo la pa maiki limakhwima mochedwa kuposa chinangwa. A kwaya amayenda miyezi kupita kugolosale ya wamalonda uja, kukauzidwa kuti bwana apita ku Ntcheu. Chimbalecho palibenso amene ali ndi choimbira chake. Nyimbozo timakazitenga kwa mnyamata wobena pamsika, amene anaziika kale pa memore kwaya isanatsike pasiteji.

Kukatsala nyimbo ziwiri, a pageti amatopa n'kuchotsa tebulo. Khamu limene lakhala likudikira panja kuyambira masana limakhamukira m'kati, ndipo woimba amaona bwalo litadzaza koyamba. Amajambula chithunzi pamenepo n'kuika pa Facebook kuti Manjawira yamulandira mwa nkhaninkhani. Gulu lina ku Blantyre limaona chithunzicho n'kuyamba kufunsa mtengo wa minibasi.

M'mawa mwake a komiti amakumana pansi pa mtengo wa mango uja kuwerengera. M'beseni muli ndalama zokwana kulipira mwini jenereta ndi theka la mwini masipika. Mwini masaka akuti awiri ang'ambika. Mwini chidindo akufuna inki yake. Zofupa zija woimba ng'oma anapita nazo, akuti zinamatidwa pachipumi chake, osati pachipumi cha komiti. Msungichuma akufotokoza kuti kope linagwa nthawi ya mdima. Onse amagwirizana kuti mwambo unayenda bwino kwambiri, anthu anasangalala, ndipo pa Khirisimasi pakhale china chachikulu kuposa chimenechi, mwina aitanenso gulu la ku Balaka. A tcheya amati ulendo uno pasakhale chibwana pageti, aliyense alipire, ngakhale atakhala ndani. Onse amawomba m'manja. Kenako amauza mlembi kuti atsegule tsamba latsopano alembe mayina a anthu ochepa okha oyenera kulowa ulere, kuyambira ndi apongozi awo.