Nditsitse Bwanji Makilo, Ndisiye Nsima?

“Kuchipatala andiuza kuti ndichepetse thupi. Sikelo yawerenga 92, bipi yakwera, shuga nayo akuti ili pakhomo. Ndiye nditani ine achemwali, ndisiye nsima?”

Anali mayi wa zaka za m’ma 40, chikwama chakuntchito paphewa, buku lakuchipatala likusuzumira m’thumba la pambali. Amayankhula ndi mnzake pamzere wa ogulitsa masamba mumsika wa Limbe, dzuwa litapendeka. Ine ndinali pabenchi la wosoka nsapato chapafupi, ndiye mawu onse amandifika.

Mnzakeyo sanachedwe kuyankha. Kuofesi kwawo, akuti, kuli wina amagulitsa tiyi wochepetsa thupi, ndipo sabata imodzi siketi imayamba kukhwepa. Apo ayi, angosiya kudya usiku, azimwa madzi otentha a mandimu basi.

Agogo ogulitsa nkhwani, amene nthawi yonseyi anali chete akuwaza madzi pamilu yawo, anadzutsa mutu.

“Mwana wanga, tiyi ameneyo anamwa mpongozi wanga. Masiku atatu osachoka kuchimbudzi. Atasiya, thupi linabwerera lonse.”

Agogowo ananena zoona. Matiyi ambiri oterewa amakhala ndi mankhwala otsegula m’mimba kapena okodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, mafuta amatsala pomwepo. Ndipo munthu wa bipi kapena wa shuga amene ali pamankhwala akayamba kutaya madzi chotere, kapena kugona ndi njala mwadala, amadziika pangozi yeniyeni.

“Nanga inu agogo mumadya chiyani? Chikhalire ndikudziwani simusintha.”

“Zomwe ndikugulitsazi. Nsima ndimadya, koma ya mgaiwa, mtanda umodzi, ndikakhala ndalima iwiri. Ndiwo ndiye zimachuluka.”

Mayi uja anaseka, kenaka anatsitsa mawu. “Mgaiwa kunyumba kwanga? Bambo a kunyumba angati ndalama ya ufa ndapita nayo kuti. Ana nawonso amati ndi nsima ya kusukulu yogonera komweko.”

Apa ndi pamene pagona nkhani, monga ndikuonera ine. Chakudya chothandiza kuchepetsa thupi sichisowa kuno kwathu, ndipo sichidula. Chadzaza m’misika ya Limbe, Ndirande, Lizulu, Jenda. Chovuta n’chakuti tinachipatsa dzina la umphawi. Munthu akangoyamba kulandira malipiro, choyamba kutuluka m’nyumba ndi mgaiwa, kenaka bonongwe ndi chisoso, ndipo m’malo mwake mumalowa buledi wopaka majarini, tchipisi, nkhuku yosambira m’mafuta ndi botolo la zozizira pachakudya chilichonse. Taonani ulendo wa ufa woyera: chimanga timakonola, gaga n’kupita kwa nkhuku ndi nkhumba, mphale timaviika masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kugayitsa. Pofika mumphika, mbali yambiri ya zimene zimachedwetsa njala ndi kufewetsa m’mimba yapita. Nsima yake ndi yokoma, imatsetsereka kukhosi, n’chifukwa chake mitanda itatu imatha munthu osazindikira, koma pasanapite nthawi njala yabweranso. Ya mgaiwa imakhalitsa m’mimba. Sikuti ilibe mphamvu yonenepetsa ayi, mukaidya mitanda inayi thupi likwera ndithu, koma imakukhutitsani msanga.

Agogo aja anali atatenga kale mulu wa nkhwani n’kuyamba kusadzula, zala zikuyenda zokha, ulusi wake ukugwera pachitenje.

“Onani. Mukasadzula chonchi mutsuke kaye, kenaka muduledule. Osadula n’kuviika m’madzi, zabwino zonse zimatsalira m’beseni. Mumphika madzi pang’ono, kapu imodzi siikwana n’komwe. Akawira ponyani nkhwani, tomato awiri pamwamba, kamchere ka kunsonga kwa zala. Vundikirani. Ukangofota, thirani nsinjiro masipuni awiri, takasani, mudikire pang’ono kuti nsinjiro zipse. Muphule ukadali wobiriwira. Soda ayi. Ndipo mukatendera musathirenso mafuta, mtedza uli nawo kale ake.”

Mfundo yomalizayi ambiri timaiphonya. Timatendera, kenaka timakazingira anyezi pambali n’kukhuthulira momwemo. Mafuta ndi amodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi azaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana, ndipo thupi limawafuna, koma galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kawiri ya galamu ya ufa kapena shuga. Sipuni yaikulu imodzi yokha ili ndi makalori pafupifupi 120. Amene amathira mafuta mopendeketsa botolo, osayeza, sadziwa kuti m’mbale ya masamba akhoza kuikamo mphamvu yoposa mtanda wa nsima. Soda nayenso amafewetsa masamba msanga koma amawononga mavitamini ena.

Mnyamata wa chiwaya cha patsidya, amene amabwera kudzagula kabichi wa saladi, analowererapo. “Amayi, musatithawitsire makasitomala. Mbatatesi si chakudya chabwino kodi?”

“Mbatatesi ilibe mlandu, achimwene,” anatero mayi wa chikwama uja, amene tsopano anali atamasuka. “Mlandu ndi chithaphwi cha mafuta chimene mumaiviikamo. Ine masana aliwonse ndimadya kwa inu, ndi Fanta pamwamba.”

Botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 nthawi zambiri limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masipuni a tiyi 12, ndipo kuchepera apo n’kwabwino koposa. Werengani masipuni atatu a mu tiyi wam’mawa, atatu ena a tiyi wa 10 koloko, botolo la masana ndi Sobo wamadzulo. Mchere akuti usafike magalamu 5 patsiku, sipuni ya tiyi imodzi yosadzaza, kuphatikizapo wobisika mu buledi, soseji ndi timibulu tokometsera ndiwo. Masamba ndi zipatso ndiye akuti magalamu 400 kapena kuposa. Ife tinatembenuza: nsima phiri, ndiwo zongonyambitira mbamu.

Anakambirana zambiri, za usipa wouma woviika m’madzi ofunda n’kuuphika ndi tomato ndi sipuni imodzi ya mafuta, za nyemba zoviika usiku kuti zisadye makala, za futali wa mbatata yofiira mkati m’malo mwa mandasi. Agogo anati m’mawa iwo amamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo njala siwapeza mpaka dzuwa pamutu. Anachenjezanso kuti mtedza wachuku uzitayidwa, usamasinjidwe.

Kenaka mayi uja ananena chimene ndikukhulupirira kuti chinali pamtima pake kuyambira pachiyambi.

“Koma agogo, ndikaonda anthu aziti chiyani? Kumudzi akandiona amati mwanenepa, banja likukuyanjani. Ndikapita nditatsika ayamba kunong’ona kuti ndikudwala, kapena kuti bambo akundizunza.”

Palibe anaseka. Aliyense amene anakhalapo zaka za m’ma 1990, matenda a Edzi akutenga anthu mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m’zipatala za boma mu 2004, akudziwa kumene mantha amenewa anachokera. Kuonda kunali chizindikiro cha maliro, ndipo kunenepa kunasanduka umboni woti munthu ali bwino. Mantha amenewo sindingawanyoze. Koma lero tikuika m’manda anthu onenepa bwino, ogwa mwadzidzidzi ndi sitiroko, ena odulidwa miyendo chifukwa cha shuga. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m’Malawi, mmodzi anali ndi bipi yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyeso, ndipo m’matauni anali 36 mwa 100. Kafukufuku yemweyo anapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ali opinimbira. Si zachilendo kupeza zonse ziwiri pakhomo limodzi, mayi wolemera thupi ndi mwana wosakula bwino, chifukwa mbale yawo ndi imodzi: yodzaza zokhutitsa, yosowa nyemba, nsomba, masamba ndi zipatso.

Agogo anamanga nkhwani, anaonjezapo kamulu ka bonongwe ka basela.

“Olankhula alankhule, mwana wanga. Mukagwa sadzakulererani ana. Musathamange, tsikani pang’onopang’ono. Ndipo minibasi muzitsikira patali, muziyendako.”

Apanso sanalakwe. Azaumoyo amati kutsika theka la kilo kapena kilo imodzi pasabata n’kokwanira, ndipo munthu wa makilo 92 akangochotsa 5 kapena 9, bipi ndi shuga zimayamba kumvera. Kuyenda mwandawala mphindi 30 patsiku, masiku asanu pasabata, kumakwanitsa mphindi 150 zimene WHO imalangiza. Amayi oyembekezera okha asayambe zochepetsa thupi popanda kufunsa kusikelo.

Pempho langa likupita kwa abambo ndi achibale, chifukwa mayi ngati ameneyu sangathe yekha pamene mphika ndi umodzi. Mkazi wanu akabweretsa nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, sambani m’manja mudye naye, ndipo ana aone. M’bale wanu akatsika thupi, mufunseni mwaulemu mmene akupezera m’malo mokanong’ona kuseri. Inunso pitani mukayezetse bipi ndi shuga pachipatala chimene muli nacho pafupi mwezi uno.