Chitamando cha Beringi Yofa Isanakalambe

Pakati pa ziwalo zonse za galimoto yoyenda m'njira zakutchire, zimene eni ake amazitama poyera ndi kuzipukuta m'mawa uliwonse, monga injini yobangula, nyali zimene amazionjezera padenga zingakhale zili zokwanira kale, ndi matayala a mano akuluakulu amene amaimitsa ana m'mbali mwa msewu, chilipo chimodzi chimene diso silichiona, wamalonda sachitchula potsatsa, ndipo dzina lake silituluka pakamwa pa munthu pokhapokha litaperekezedwa ndi temberero. Ndicho beringi ya m'habu, yokhala mumdima kuseri kwa gudumu. Ndaimirira pabwalo lino kuti ndiilankhulire, popeza ilibe nkhoswe. Ndipo sindidzalankhulira beringi yokalamba, imene inatumikira zaka zambiri nimwalira mwamtendere, pakuti imeneyo aliyense angathe kuiyamika, koma iyo yotembereredwa koposa zonse, imene mwini galimoto anaigula m'chilimwe, naiika ndi chiyembekezo, koma dzinja lisanathe inali itayamba kale kulira.

Yambani mwalingalira ntchito yake. Kulemera konse kwa Land Cruiser, pamodzi ndi matumba a chimanga, wodwala, omudikirira ndi mbuzi yomangidwa pamwamba, kusanafike pa tayala kumayamba kwatsikira pa timarola tachitsulo tosaposa chala cha munthu, timene timagubuduzika pakati pa mphete ziwiri. Ndipo popeza tayala la galimoto yotere limazungulira pafupifupi ka 400 pa kilomita imodzi, paulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe beringi imakhala itazungulira koposa ka 120,000, osapuma, osafunsa kumene ikupita, malipiro ake onse ndi girizi wodzaza chikhatho chimodzi. Ndiponso si wobadwira panjira ayi, ili ndi makolo odziwika. Henry Timken, mmisiri wopanga ngolo mumzinda wa St. Louis ku America, ndiye analembetsa luso la timarola tosongokera mbali imodzi m'chaka cha 1898, podziwa kuti gudumu silivutika ndi katundu wotsikira pansi yekha, komanso ndi mphamvu yolikankhira m'mbali pokhota. Ndipo kufikira lero, m'habu yakutsogolo ya Land Cruiser ya mtundu wa 70, kapena ya Land Rover yakale, mumakhala maberingi awiri a fuko limenelo, yamkati ndi yakunja, omangidwa ndi nati ziwiri ndi kawashala kopinda kozitsekera.

Koma ulemerero wake weniweni suli m'kusenza, pakuti bulu nayenso amasenza, uli m'kuchenjeza. Fanibelo imaduka osatsazika, fyuzi imapsa m'kuphethira kwa diso, koma beringi, pozindikira kuti masiku ake achepa, imayamba ndi kung'ung'udza pansipansi, monga chigayo chomveka kutsidya kwa dambo, nikweza mawu pamene liwiro likukwera, ndipo imachita zimenezi masabata, kapena miyezi, kuti mbuye wake asadzanene kuti sanauzidwe. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma ife, zidzukulu za Balamu, amene anakwapula bulu wake chifukwa choona choopsa chimene iye sanachione, timayankha beringi, mneneri wathuyu, pokweza wayilesi.

Ndipotu mawu ake si ovuta kumasulira. Matayala a m'matope nawonso amalira patala, koma kulira kwawo kumasintha msewu ukasintha. Difu imalira mukaponda mafuta, nitonthola kapena kusintha nyimbo mukachotsa phazi. Beringi ilibe mitima iwiri yotere, imalira chimodzimodzi m'giya iliyonse, mungakhale mutaponda kilachi ndi kuisiya galimoto iziyenda yokha, pakuti simvera injini koma liwiro la gudumu lokha. Ngati mufuna kudziwa kuti mwa magudumu anayi wodwala ali kuti, pezani msewu wosalala wopanda anthu, nimukhotetse chiwongolero pang'ono uku ndi uku: mukakhotera kumanja, kulemera kumagwera kumanzere, ndipo kulira kukakula pamenepo, kawirikawiri wodwala ali kumanzereko. Ndati kawirikawiri, chifukwa m'habu imodzi muli awiri, ndipo pokhota wina amapepukidwa mnzake akulemedwa, kotero kuti khutu lokha lingathe kukuneneretsani wosalakwa. Chifukwa chake imani, nimusendeze dzanja pafupi ndi habu iliyonse, mosamala kuti mungapse. Imene yatentha koposa zinzake ili ndi nkhani, ingakhale nthawi zina nkhaniyo imakhala ya buleki yosamasuka.

Pamenepo mlandu umakwera pa jeke. Mukakweza gudumu ndi kuchirikiza galimoto pa chinthu cholimba, pakuti munthu wanzeru sapereka miyendo yake kwa jeke popanda mboni, gwirani tayala dzanja lina pamwamba lina pansi, nimuligwedeze mwamphamvu. Likagwedera musathamangire kugamula, chifukwa kingipini kapena ball joint yotha imagwederanso chomwecho. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, mnzanu aponde buleki, inu mugwedezenso. Kugwedera kukatha, ndi beringi, popeza buleki yaigwira habu. Kukapitirira, yang'anani kwina, ndipo mupepese kwa amene munamuganizira. Ikhoza kukhalaponso beringi yosagwedera ndi pang'ono pomwe koma yotha m'kati, ndipo imeneyo imadziulula mukazunguza gudumu dzanja lina lili pa sipuling'i, pakuti kukhukhuluza kumene khutu silikumva, chikhatho chimakumva.

Tsono tifike pamutu pa mlandu, pamene pali chifukwa chenicheni cha chitamando changa. Akatswiri awiri a ku Sweden, Gustaf Lundberg ndi Arvid Palmgren, anafalitsa m'chaka cha 1947 mawerengedwe a moyo wa beringi amene opanga ake akutsatabe, ndipo moyo wolembedwa m'mabuku awo ndi umene maberingi 90 mwa 100 amaufika, akakhala aukhondo, odzozedwa ndi omangidwa moyenera. Chotero beringi ikafa m'miyezi yowerengeka, makamaka ikafa kawiri mbali yomweyomweyo, imfa imeneyo si ya Mulungu, monga amanenera akumudzi, alipo waipha. Makolo athu pa imfa yotere ankapita kukaombeza, nalipira chipondamthengo. Koma beringi, mwa ulemu wake waukulu, imatipulumutsa ku ulendo umenewo, pakuti isanatsirizike imalemba dzina la woipha pathupi pake. Chofunika n'kusaiponya kuseri kwa galaja ndi mkwiyo, koma kuitsuka m'beseni la parafini, kuipukuta, ndi kuitembenuza padzuwa modekha, monga achitira wofuna kuona maso a nkhono.

Mukapeza girizi watuwa nakhala wamadzimadzi, ndi mizere yakuda ya dzimbiri pamphete, yotalikirana monga timarola titalikirana, wakupha ndi mtsinje. Kapena tinene kuti ndi woyendetsa, pakuti mtsinje sunamuitane. Taganizani galimoto imene yatsika chitunda cha Chikwawa mabuleki ali moto, nikhotera pa Thabwa kulowa njira ya ku Muona, kumene mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo imalusa m'dzinja: habu yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake umakhwinyata mwadzidzidzi, ndipo popeza malo otsalawo sangakhale opanda kanthu, habu imayamwa madzi amatope kudzera pa silo, mphira uja wolondera pakhomo, galimoto ikagona usiku, madziwo amadikha pansi pa timarola nayamba kudya chitsulo, ndipo kukacha mchenga wolowa nawo umayamba kupera. Kukhala pansi pa mtengo kanthawi kuti mahabu azizire musanawoloke, ndi kutsegula kuti musinthe girizi mukabwera kumadzi akuya, n'kotsika mtengo koposa kugula sipindulo yatsopano, chitsulo chimene habu imazungulirapo. Koma ndani wa ife, mtsinje uli patsogolo ndi ana akuonerera m'mbali, angavomere kuoneka wamantha? Nawonso anyamata otsuka galimoto ndi paipi ya madzi amphamvu, akailozetsa pa silo, amagwira ntchito ya mtsinje pakati pa tauni.

Mukapeza timaenje tosalala, tondondozana molingana kuzungulira mphete, musafunse mtsinje, funsani nyundo. Pakuti mmisiri woiika anamenya mphete ina kuti ilowe inzake, mphamvu yonse nidutsa pa timarola, ndipo beringi imeneyo inavulazidwa isanayende ndi kilomita yomwe. Mukapeza chitsulo chasanduka chabuluu kapena chofiirira, girizi wapserera nauma, ndiye kuti inafa ndi moto, kapena chifukwa cha njala ya girizi, kapena chifukwa nati inaipana pakhosi. Alipo amisiri ambiri, ena a iwo anthu okhulupirika m'zinthu zina zonse, amene amayesa kuti kulimba kwa ntchito kumaoneka m'kutalika kwa paipi yoikidwa pa sipanala. Pamene nati ya mamilimita 54 ya Land Cruiser, kapena ya 52 ya Land Rover, ili ndi bokosi sipanala yakeyake ndi muyeso wake wolembedwa m'buku la galimotoyo. Mukaiona nati ili ndi zipsera za tchizulo m'ngodya zake, dziwani kuti inamangidwa mwa kulota. Ndipo kulekerera nakonso kumapha: nati yosafika imasiya gudumu likupendama, timarola towerengeka nitisenza katundu wa tonse, silo nitsegukira fumbi.

Koma wakupha wolemekezeka koposa onse, amene sakhala pa mpando wa woimbidwa mlandu chifukwa ndiye wolipira makaniko, ndi mwini galimoto. Iyeyu anaona pa Facebook galimoto yotambalala miyendo, mtima nusirira, nagula matayala aakulu olemera, ndi malimu otulukira kunja, ndi masipesa. Osadziwa kuti amene anapanga habu anaika pakati pa tayala pamalo poti maberingi awiriwo agawane mtolo moyenera, ndi kuti gudumu likasendera kunja, bampu iliyonse imapotokola habu ndi mphamvu yoposa kale. Mawerengedwe aja a ku Sweden alibe tsankho: katundu akawirikiza kawiri, moyo wa beringi ya timarola sutsika ndi theka ayi, umatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kale nkhuyu zodya ana zinkapota akulu. M'galimoto, zodya wamkulu zimapota wamng'ono, ndipo wamkuluyo amabwerera kusitolo kukakalipa kuti anamugulitsa zosalimba.

Otsalawo ndingowatchula maina. Ilipo sipindulo yokumbika kapena yopindika, imene imapha beringi iliyonse yatsopano yoikidwapo, nikhala chete pamaliro onse. Alipo wosunga ndalama amene amasintha koni, mphete yamkati ndi timarola take, koma kusiya kapu yakale, mphete yakunja, m'habu. Alipo girizi wa mitundu iwiri yosagwirizana, amene akasakanizidwa amasungunuka nathawa. Alipo oyilo wa difu, amene amabowoleza silo yamkati chifukwa kabowo kopumira kanatsekeka ndi matope, nakokolola girizi. Aliponso wowotcherera amene anamangirira waya wake wa ethi kutsidya kwa gudumu, moto wa magetsi nudutsa pa timarola ndi kusiya timabala. Za beringi yonyenga, yovala bokosi la dzina lotchuka m'kati muli chitsulo chofewa, sindinenapo kanthu. Si ya fuko lino, ndipo ikafa ife tilibe nawo maliro. Magalimoto ambiri amakono ali ndi beringi yotsekeredwa m'chombo chimodzi, yosatseguka ndi yosadzozedwanso. Koma nayonso yasunga mwambo wa makolo, imalira chimodzimodzi, nthawi zina niyatsa nyali ya ABS, ndipo imafa msanga nati ya ekiselo ikamangidwa ndi mfuti yampweya popanda muyeso, kapena galimoto ikakankhidwa natiyo isanamangidwe.

Wina adzati, ngati ili yolungama chotero, bwanji imasiya anthu pa Nyika usiku? Indetu imatero, koma itatha kuchonderera m'njira zonse: inalira, inatentha, inagwedeza disiki kufikira buleki inayamba kugwira pansi, inadyetsa tayala mbali imodzi, ndipo pokhapokha zonsezi zitanyozedwa ndi pamene kakhola ka timarola kamasweka, chitsulo nichiwotcherana ndi sipindulo, ndipo munthu amaona gudumu likumupitirira kumanja, nadabwa kuti mwini wake ndani. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ngakhale pamenepo beringi siileka kuchitira anthu zabwino, pakuti imadyetsa mabanja a amakaniko a ku Biwi ndi ku Ndirande, ndipo imaphunzitsa bwana wa nsapato zowala kukhala pamwala, kupempha madzi akumwa m'mudzi umene dzulo anauthira fumbi, ndi kunena kuti zikomo.

Komanso ikafa siitayidwa yonse. Makaniko wodziwa ntchito amasunga kapu yakaleyo, naipala pang'ono kunja kwake pa gilayindala kuti ingakanirire m'habu, naiika pamwamba pa kapu yatsopano, namenya pa iyo pang'onopang'ono, mbali iyi ndi mbali iyo mozungulira, kuti nyundo isakhudze mlowam'malo. Ndipo amaleka pamene kulira kwa nyundo kwasintha, kwakhala kolimba, chizindikiro chakuti kapu yatsopano yafika pampando pake.